Kukadya m'tauni kwatidanitsa m'nyumba

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 29, ndakhala pabanja zaka 6 ndipo Mulungu anatidalitsa ndi ana awiri, wamkulu wa zaka 5, wamng'ono wa zaka 2. Amuna anga amagwira ntchito pakampani ina ku Makata, ine ndimagulitsa kaunjika pakhomo.

Vuto langa ndi ili. Loweruka lina kumapeto kwa mwezi, nthawi ya chionetsero cha zamalonda ku Chichiri, bambowa anadzuka ndi nsangala n'kundiuza kuti lero usaphike, tikaonetse ana chionetsero kenako tikadye m'tauni. Ndinakondwa kwambiri chifukwa chikwatiranireni tinali tisanapiteko ku lesitilanti ngati banja. Ndinasambitsa ana, nanenso ndinatchena, tinatenganso mtsikana wathu wantchito kuti azithandiza mwana.

Titatopa ndi kuzungulira tinalowa pamalo ena odyera cha m'ma 2 koloko masana. Anthu anali odzaza moti tinadikira nthawi yaitali kuti tipeze pokhala. Tangokhala pansi panatulukira anzawo atatu a kuntchito, wina ali ndi chibwenzi chake. Amuna anga osandiyang'ana n'komwe anangoti, "Khalani pompano, itanitsani chilichonse, lero zili pa ine." Mtima wanga unagunda chifukwa ndinkadziwa kuti ndalama ili m'thumba mwawomo ndi ya lendi komanso ya fizi ya mwana kusukulu ya mkaka. Nditafunsa weta mtengo wa nkhuku ndi tchipisi, bambowa anandiponda phazi pansi pa tebulo.

Bilu inabwera K126,000. Analipira akumwetulira, koma pobwerera sanandiyankhule mpaka kunyumba. Akuti ndinawachititsa manyazi pamaso pa anzawo ngati munthu wobwera kumene kuchokera kumudzi. Usiku womwewo mwana wamng'ono anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba moti tinakagona kuchipatala.

Pano alandilodi akubwera tsiku ndi tsiku, bambowa akatenga katapila, ndipo anenetsa kuti sadzanditenganso kokadya poti sindidziwa za m'tauni. Kodi ndinalakwa kufunsa mtengo? Kapena n'zoona zomwe amanena amayi anga kuti mkazi wodziwa kuphika alibe nazo ntchito za m'malesitilanti? Ndithandizeni, banja langa ndimalikonda.

Mayi wodandaula,
Chilomoni, Blantyre.

Mwana wanga,

Choyamba pukutani misozi. Simudalakwe ayi. Kodi mukapita kumsika wa Limbe mumangonyamula mulu wa tomato n'kuponya m'jumbo, mtengo n'kumafunsa mutafika kale pasiteji? Nanga pa mbale ya nkhuku pakhale manyazi chifukwa chiyani? Malamulo oteteza ogula m'dziko muno amafuna kuti wogulitsa aonetse mitengo poyera, ndipo bungwe la CFTC lilipo kuti liziona zoterezi. Malo odyera olongosoka amakupatsani menyu yokhala ndi mitengo, kapena amalemba pabolodi pomwe aliyense angawerenge.

Komanso masiku ano mtengo wa dzulo si wa lero. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chichokereni apo mafuta ophikira, nkhuku, mbatatesi ndi makala zidakwera zonse. N'chifukwa chake m'malo ambiri mumapeza menyu yomatidwa timapepala pamwamba pa mitengo yakale. Munthu amene adadya pamalopo chaka chatha akakhala pansi ndi mtengo wa chaka chatha m'mutu, bilu ikamabwera thukuta lili kamukamu. Ndiye wofunsa ndi amene akudziwa za m'tauni, osati wongoitanitsa.

Koma ndikuuzeni mosapsatira, nkhani yanuyi sidayambire patebulo paja. Idayambira kunyumba m'mawa, pomwe nonse awiri mudatseka chitseko musanagwirizane kuti lero tikudya ndalama zingati. Inu mumadziwa kuti m'thumbamo muli ya lendi, iwo amadziwanso, koma palibe adatsegula pakamwa. Inu mudaopa kuwononga chisangalalo, iwo adaopa kuoneka osowa. Mawu amene akadakutengerani mphindi ziwiri kuchipinda mudakawayankhula pamaso pa alendo, wina ndi funso kwa weta, wina ndi phazi pansi pa tebulo. Pamenepo aliyense adachoka ndi bala.

Musaiwale kuti ganizo la amuna anu lidali labwino. Abambo angati amene amati akalandira malipiro amakumbukira akazi awo ndi ana? Ambiri amasowa Lachisanu madzulo n'kutulukira Lamulungu, m'thumba muli mbee, fungo la kanyenya lili pamalaya, ana atagonera masamba a nyemba. Anuwa adati tiyeni tonse. Chimenecho musachitaye limodzi ndi mkwiyo.

Tsopano ndiyankhule ndi inu bambo, poti ndikudziwa nyuzipepalayi ikafika pakhomo mumayamba ndinu kuiwerenga. Ine ndikumvetsa chomwe chidakuchitikirani. Anzanu a kuntchito aja mwina adakugulirani nkhomaliro tsiku lina mutashota, mwina adasonkha pamaliro a kwanu, ndiye atakupezani mwakhala ndi banja mutavala bwino, pakamwa padathamanga kuposa thumba. Ulemu wa pakati pa amuna ndi ngongole, ndikudziwa. Koma ngongole imeneyo simungaibweze ndi denga la ana anu. Anzanuwo adadya, adapukuta pakamwa, adakwera minibasi kupita kwawo. Lero alandilodi akamagogoda alipo ndani mwa iwo? Amene akubisala nanu m'nyumba ndi yemwe uja mudamuponda phaziyu. Ndipo mukafunse anzanuwo ngati akukumbukira kuti akazi anu adafunsa mtengo. Ndikukutsimikizirani palibe adaziika kumtima, chifukwa nawonso akazi awo amafunsa.

Mwamuna wokhwima akakumana ndi anzake pamalo otero amaimirira, kupereka moni, kuwadziwitsa kwa banja lake, n'kunena kuti, "Amangwetu, lero ndili ndi abwana anga a kunyumba, tionana Lolemba." Akafuna kuonetsa ufulu amawagulira chakumwa choziziritsa kukhosi botolo limodzi limodzi, basi. Palibe angamuseke. Koma mawu oti "itanitsani chilichonse" asiyireni andale nthawi ya kampeni.

Za amayi anu, mwana wanga, ndiwalemekeza koma pano sitigwirizana. Iwo adakula nthawi imene mkazi wapabanja kuoneka m'lesitilanti anthu ankatukula nsidze, ndipo malo oterewa ankadyamo ndi apaulendo podikira basi, kapena mabwana a m'maofesi. Zidasintha. Chitsegulireni malo a masitolo ku Chichiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mabanja a ku Ndirande, Bangwe, Zingwangwa ndi Machinjiri adazolowera kutuluka Loweruka ndi ana kukadya tchipisi ndi ayisikirimu. Kudya kunja sikutanthauza kuti mkazi sadziwa kuphika. Mayi amene amakoleza mbaula katatu patsiku, masiku 30 pamwezi, utsi uli m'maso, mwana ali kumsana, ayenera tsiku limodzi loti wina amubweretsere madzi osamba m'manja, adye atakhala pansi, mbale n'kuisiya pomwepo osaganiza zotsuka. Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala lokha silokwanira. Ndipo pali nkhani zina zimene mwamuna ndi mkazi amayankhulana bwino akakhala kunja kwa mpanda, kopanda aneba omvetsera ndi alamu odutsadutsa. Ana nawonso amaphunzira kukhala pagulu, kudikira, kunena zikomo kwa wowatumikira. Izi ndi zabwino, bola zisalowe m'malo mwa lendi.

Ndiye tizichita bwanji? Malipiro akabwera, alandilodi ayambe alandira zawo, fizi ipite, ufa, makala, magetsi ndi madzi zilowe. Chotsalacho ndiye mukhale pansi n'kupatula ya kokadya. Ikani m'emvulopu, thiransipoti yopita ndi yobwerera ili momwemo, ndipo ina yonse isiyeni kunyumba. Ndalama imene simudanyamule simungaidye. Mabanja ena amapatsa mayi emvulopuyo, akafika pafupi ndi malowo mayi n'kuipereka kwa bambo kuti alipire ndi iwo pamaso pa anthu. Ine sindiona vuto. Ulemu wa bambo ulipo, chitetezo cha banja chiliponso. Mugwirizanenso kachizindikiro kanu kachinsinsi kosonyeza kuti tafika pamalire, kaya mawu amodzi amene alendo sangawamvetse. N'kwabwino kuposa kupondana.

Dziwani komwe bilu imatupira. Kawirikawiri si pa nsima kapena mpunga ayi, ndi pa zakumwa ndi tizinthu toonjezera. Chakudya chikachedwa, aliyense amamaliza botolo loyamba mbale isanafike, n'kuitanitsa lachiwiri, ndipo ngati pali abambo okonda chamowa mabotolo amachulukana pansi pa tebulo ngati anapiye. Anthu 9 mabotolo atatu atatu, werengani nokha. Kenako uyu akuti soseji, uyu akuti dzira pamwamba, uyu akuti mundikulungire ina ya kunyumba. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Mwana wa zaka 5 samaliza mbale ya munthu wamkulu, wa zaka 2 ndiye asachite kunena. Itanitsani mbale imodzi mupemphe kambale kena kopanda kanthu muwagawire. Funsaninso ngati mtengo wolembedwawo ukuphatikiza msonkho wa VAT, chifukwa malo ena amauonjezera kumapeto. Bilu ikabwera iwerengeni mzere ndi mzere. Tsiku lopanikizana aweta amatopa, zimatheka kukulemberani botolo la tebulo lina popanda chinyengo chilichonse. Kwa banja limene likuyamba kumene, malo amene mumalipira kaye pakauntala musanadye ndi abwino kwambiri, poti simungadye chimene simudalipire.

Tsiku limene mudasankhalo nalonso lidakupwetekani. Loweruka la kumapeto kwa mwezi Blantyre amakhala wina. Aboma ndi am'makampani alandira, mizere ili pamakina a ndalama, maukwati ali m'maholo monse, magalimoto a akwati akuimba mabelu mumsewu wa Masauko Chipembere, minibasi zikuyenda ngati nkhono kuchokera ku Ginnery Corner mpaka ku Limbe. Mukaonjezerapo chionetsero cha zamalonda, kapena tsiku limene Maule akukumana ndi Manoma, ndiye aliyense amamva njala nthawi imodzi, kuyambira 1 koloko mpaka cha m'ma 3. Inu mudalowa 2 koloko, pachimake penipeni, ndi ana otopa ndi dzuwa. Mukafuna kudya tsiku ngati limenelo, yambirani kudyako, cha m'ma 11:30 kapena 12, kukhitchini kukadali bata, mafuta akadali oyera, kenako muzikazungulira muli okhuta. Muthumba la mwana musasowe nthochi ndi botolo la madzi a kunyumba, chifukwa mwana wanjala sadziwa mawu oti dikira. Nyamulaninso ndalama ya m'manja. Airtel Money ndi Mpamba n'zothandiza, koma netiweki ikavuta mwadya kale, mudzaima pakauntala ngati wogwidwa. Koma ine ndikadakhala inu, ndikadasankha Loweruka la pakati pa mwezi. Anthu amakhala ochepa, weta amakhala ndi nthawi yokumwetulirani, ndipo anzawo a bambo amakhala ali kwawo akuwerenga masiku.

Tsopano za mwana, poti apa ndi pamene pali moyo. Musaloze chala amuna anu kuti ndinu mudadwalitsa mwana. Palibe bambo amatenga mwana wake kuti akamudwalitse. Koma makolo nonse muyenera kudziwa chimene chimachitika kukhitchini anthu akachuluka. Ophika amakonzeratu zambiri m'mawa. Mpunga, nyemba, msuzi ndi nyama zikakhala maola oposa awiri zili zofunda chabe, osati zotentha komanso osati m'fuliji, tizilombo timaswana mwachangu. Mpunga ndiye woopsa mwakachetechete, chifukwa ukakhalitsa choncho umapanga poizoni amene satha ngakhale autenthetsenso, ndipo munthu amayamba kusanza patangopita maola ochepa. Nkhuku ikamaotchedwa mothamanga chifukwa anthu akukuwa, kunja imapsa bwino koma pafupa pali pofiira. Inyemeni muone musanapatse mwana. Mukaona magazi ibwezeni, ndipo musapepese. Saladi wa kabichi ndi tomato sapita pamoto, ndiye amadalira madzi amene adatsukira ndi manja a wodulayo. Mwana wa zaka 2 musamupatse saladi wa pamalo amene simukuwadziwa. Chimodzimodzi madzi a m'jagi ndi ayezi. Magetsi akakhala kuti akuzimazima m'deralo, chenjerani ndi soseji, mayonezi ndi ayisikirimu wooneka kuti adasungunuka n'kuumanso.

Sitikunena nthano. Kolera amene adayambira ku Machinga mu Marichi 2022 adafalikira dziko lonse n'kupha anthu oposa 1,700, mpaka sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Tayifodi nayenso wavutitsa Blantyre zaka zambiri, n'chifukwa chake mu Meyi 2023 boma lidayamba kupereka katemera wake kwa ana a miyezi 9 mpaka osakwana zaka 15. Onani m'buku la kusikelo ngati ana anu adalandira. Matenda onsewa amalowera pakamwa, kudzera m'madzi, chakudya ndi manja.

Ndiye mukalowa pamalo odyera, maso akhale patsogolo. Pali posamba m'manja ndi sopo? Ngati abweretsa beseni, akuthirireni madzi kuchokera m'jagi, osati nonse kuviika m'beseni limodzi ngati kale. Pitani kuchimbudzi musanaitanitse kanthu. Mukapeza kopanda madzi, ntchentche zili ng'waa, dziwani kuti ophika nawonso amapita komweko. Tulukani mwaulemu. Ndipo musapusitsidwe ndi magalasi ndi nyimbo. Alipo amayi a timalesitilanti ta pafupi ndi msika amene amaphika nsima mukuona, nkhuku ya lokolo ikuwira pamoto, mpiru wotendera uli pambali, mbale zikutsukidwa ndi madzi otentha. Chakudya chochoka pamoto kubwera patebulo panu chikutuluka nthunzi ndicho chotetezeka, kaya malowo ali ndi dzina lachingerezi kaya alibe. Ngakhale tchipisi cha pachiwaya, chimene mwachiona chikuchoka m'mafuta otentha chimaposa chimene chagona m'galasi kuyambira m'mawa. Koma mafutawo akakhala akuda bii ngati oyilo wa galimoto, pitirirani.

Mudachita bwino kuthamangira kuchipatala. Mwana wamng'ono amatha madzi m'thupi msanga. Pakhomo pasasowe mapaketi a Thanzi ORS. Akasowa, tengani lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere, muzimumwetsa pang'onopang'ono muli panjira. Ngati akuyamwa apitirize kuyamwa. Maso akalowa, akamakana kumwa, akasiya kukodza, kapena chimbudzi chikakhala cha magazi kapena ngati madzi otsukira mpunga, musadikire kuche. Ndipo chizolowezi chathu chogulira wodwala chakumwa cha m'botolo chisafike pa mwana wotsegula m'mimba. Botolo limodzi la 300ml limakhala ndi shuga wokwana pafupifupi masupuni a tiyi 8, ndipo shuga wochuluka choncho amaonjezera kutsegulako. Ngakhale mwana ali bwinobwino, botolo limodzi agawane awiri.

Mwatchula kuti mudatenga mtsikana wantchito. Ndikhulupirira naye adadya. Ndimaona zomvetsa chisoni m'malo odyeramu, banja lili kalikiliki ndi nkhuku, kamtsikana kali chiimire panja ndi mwana kumsana, kakumeza mate. Akamaliza amakapatsa mafupa m'kapepala. Amayi, ameneyo ndi amene mumamusiyira mwana wanu sabata yonse. Ngati emvulopu siikwana mbale yake, musiyeni kunyumba apume, mwanayo munyamule nokha. Naye weta amene wakutumikirani bwino tsiku lotopetsa ngati limenelo, kangachepe ka minibasi sikangakusaukitseni, ngakhale palibe lamulo lokukakamizani.

Nanga pano mukonza bwanji? Yambani ndi katapila, chifukwa ameneyo samagona. Chiwongoladzanja chake chimakula mwezi ndi mwezi, ndipo mbale ya tsiku limodzi mutha kuilipira mpaka Khirisimasi. Khalani pansi muone chimene mungachite kuti atuluke m'nyumba mwanu mwezi uno, kaya ndi phindu la kaunjika wanu, kaya muli kubanki m'khonde komwe chiwongoladzanja n'chocheperako. Kwa alandilodi pitani nonse awiri, muwauze tsiku lenileni limene mudzalipire ndipo mupereke kaye kamene kalipo. Kubisala kumakwiyitsa mwini nyumba kuposa kuchedwa.

Poyankhula ndi bambowo sankhani nthawi. Osati atangolowa kuchokera kuntchito, osati pamaso pa ana, ndipo osayamba ndi mawu oti "ndinkanena ine". Adye kaye, asambe. Muwauze kuti mudasangalala kuti adakuganizirani, poti n'zoona, mwalemba nokha. Kenako muwauze kuti mudafunsa mtengo chifukwa cha mantha a lendi, osati kuwanyoza. Amuna ambiri akakwiya chonchi mkwiyowo umakhala wa iwo eni. Akudziwa kuti adaphonya, koma n'kosavuta kukalipira mkazi kusiyana ndi kuvomera. Ankhoswe musawaitane kaye, nkhaniyi ikadali ya kuchipinda. Koma ngati kusayankhulaku kupitirira, kapena kuponda phazi kuja kukasanduka kukweza dzanja, pamenepo musakhale chete, ankhoswe adziwe msanga.

Ngongole ikatha, musalole kuti mawu oti "sindidzakutenganso" akhazikike. Sungani pang'onopang'ono kuchokera pa kaunjika wanu, ndipo Loweruka lina la pakati pa mwezi muwaitane ndinu. Ana muwasiye kwa agogo awo tsiku limenelo. Sankhani malo apafupi amene mwafunsa kale mitengo yake, muitanitse nsima ya chambo kapena mpunga wa Kilombero ndi lokolo, tsabola wa Nali ali pambali, ndalama muwapatsire panjira kuti akalipire okha.

Azakhali

Zikomo Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 25, ndangoyamba kumene ntchito mu Lilongwe. Ndili ndi chibwenzi chimene ndikufuna kudzamanga nacho banja. Vuto ndi loti ndikamuitana kokadya Loweruka sabwera yekha. Ulendo woyamba anabwera ndi mnzake mmodzi, ndinangoti mwina ndi manyazi. Ulendo wachiwiri ku Old Town anabwera ndi anzake awiri ndi msuweni, onse anaitanitsa zodula, wina mpaka anakulungitsa ya kunyumba. Ndinabwerera wapansi mpaka ku Kawale chifukwa ngakhale ya kabaza inatha. Ndikuopa kumuuza, angandione ngati woumira. Nditani?

Mnyamata wothedwa nzeru,
Kawale, Lilongwe.

Mphwanga,

Kuyenda wapansi kuchokera ku Old Town mpaka ku Kawale mimba ili yokhuta, bola kudakuthandiza kugaya chakudya. Koma usabwerezenso.

Ulendo woyamba uja usamuweruze nawo. Mtsikana wanzeru akamakakumana ndi mnyamata amene sanamudziwe bwino amatenga mnzake, ndipo makolo ambiri amalangiza choncho. Ine ndimagwirizana nazo. Koma wachiwiri uja ndi nkhani ina. Anthu anayi pa malipiro a munthu woyamba kumene ntchito si chibwenzi, ndi phwando. Mwina anzakewo amamukakamiza kuti tikaone ngati bamboyo ali nazo. Mwinanso iweyo udadzionetsa ngati mwini kampani, foni patebulo, makiyi a galimoto ya abwana m'manja, ndiye iye akungokhulupirira zimene udamuonetsa. Dzifunse.

Njira ndi imodzi, kumuuza. Ukuti ukufuna kumanga naye banja. M'banja mudzakambirana za lendi, za fizi, za abale odwala kumudzi, za chimanga chikakwera mtengo mu Januwale. Ngati ukulephera kumuuza za mbale ya tchipisi, zimenezo udzaziyamba bwanji? Usadikire mufike patebulo, ndipo usamuyankhule pamaso pa anzakewo. Muimbire pakati pa sabata, umuuze kuti Loweruka ukufuna mucheze awiriwiri chifukwa pali zofunika kukambirana, ndipo ndalama imene wakonza ndi ya anthu awiri. Utchule ndi malo omwe, masana, poyera pamene pali anthu, kuti asakhale ndi chifukwa choopera. Ku Bwandilo usiku si kokambirana za ukwati.

Akabwera yekha, n'kuyang'ana menyu ndi maso a munthu wodziwa kuti mawa kulinso tsiku, kapenanso n'kunena kuti chakumwa ndilipira ndine, usunge ameneyo. Akabweranso ndi gulu, upereke moni mwaulemu, uuze weta asanalembe kalikonse kuti bilu yako ndi ya anthu awiri, enawo alipira okha. Akakwiya n'kunyamuka onse, iwe idya mbale yako modekha, ulipire, ukwere minibasi ya ku Kawale ndi chenji chako m'thumba.

Azakhali